Chipale sichikusungunuka pakhomo? Yambani ndi bokosi la manifold lapanja

M'mizinda yozizira kwambiri monga Winnipeg, Minneapolis ndi Oslo, makomo a zipatala, a nyumba zosanja ndi a anthu ena opeza bwino amakhala ndi mapaipi okwiriridwa mu konkire. M'mapaipimo mumayenda madzi ofunda osakaniza ndi glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana, kuti chipale chofewa chikagwa chizisungunukira pomwepo. Nzeruyi ndi yakale ndithu. Ku Klamath Falls, m'chigawo cha Oregon ku United States, anayamba kusungunula msewu motero mu 1948 pogwiritsa ntchito kutentha kochokera pansi pa nthaka. Tawuni ya Holland ku Michigan inayala mapaipi pansi pa misewu yake yapakati mu 1988, ndipo ku Reykjavík, likulu la Iceland, madzi amene atenthetsa kale nyumba ndi omwewo amakafunditsanso tinjira ta oyenda pansi.

Abale amene mukugwira ntchito yosamalira nyumba kumeneko, kaya ku Calgary, kaya ku South Bend komwe chipale chochokera kunyanja ya Michigan chimagwa mosanyengerera, mukuidziwa foni ya m'bandakucha mu Januwale: boyila yotenthetsa madziwo ikuyaka, pampu ikulira, koma pakhomo pali poterera. Ambiri timathamangira kuchipinda cha boyila. Koma vuto likamabwera chaka ndi chaka pa nyengo yomweyo, kawirikawiri gwero lake lili panja, m'kabokosi kamene aliyense amangokadutsa.

M'bokosimo muli manifold. Ndi mipiringidzo iwiri ya bulasi kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri msanga. Umodzi umagawa madzi ofunda kumizere yonse ya mapaipi a pulasitiki otchedwa PEX ali mu konkire, winawo umalandira madziwo akabwerako atazizira. Pamenepo pali mavalavu, timagalasi tosonyeza kuchuluka kwa madzi oyenda mumzere uliwonse, ndi potulutsira mpweya. Amaiika panja chifukwa mzere umodzi sungatalike mmene munthu angafunire. Paipi ya mamilimita 19 imathera cha m'mamita 90, kupita ndi kubwera, ndiye njira ya galimoto ikakhala patali ndi boyila, manifold ndi imene imasendera pafupi ndi konkireyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense achigwire asanagule chilichonse. Ntchito ya bokosili si kufunditsa manifold kuti isaundane. Imeneyo ndi ntchito ya glycol. Bokosi ndi loteteza ku madzi okhazikika, ku dzuwa, ku kusuntha kwa nthaka ndi ku mbewa, ndipo liyenera kutseguka tsiku lozizira kuposa onse. Amene amaganiza zofunditsa amamata mng'alu uliwonse, nadzazamo zofunda, ndipo ndi iwo amene amapeza dziwe mkati mwake Malichi akafika.

Bokosi ladzaza madzi

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo mavuto ena ambiri amabadwira pamenepa. Mwatukula chivundikiro, mwapeza manifold yamira mpaka m'khosi, pamwamba payandama masamba ndi kachikhungwa ka madzi oundana. Musapisemo dzanja kaye. Ngati mwalowa waya uliwonse, kazimitseni magetsi ake choyamba.

Kenako fufuzani kuti madziwo ndi ati. Pitani mukaone geji ya puresha kuchipinda cha boyila. M'nyumba wamba za ku North America imakhala pakati pa 12 ndi 20 psi (muyezo wa puresha) makina akazizira. Ikakhala pomwe inali mwezi watha, madzi a m'bokosiwo ndi ochokera kunja. Ikatsika, mwina ena mwa iwo ndi glycol. Tapani pang'ono, mutikite pa zala mutavala magolovesi opyapyala: glycol amaterera ndipo nthawi zambiri opanga amamuthira mtundu. Osalawa. Makina ena akale anathiridwa ethylene glycol, yemwe amatsekemera koma ndi poyizoni, kwa munthu ngakhalenso kwa galu wa pakhomopo.

Nthawi zambiri mupeza kuti ndi madzi akunja, ndipo amene akuwabweretsa ndi makina omwewo. Chipale chonse chimene chasungunuka pa konkire chimasanduka madzi, madziwo amatsetsereka kufuna kotsika, ndipo omanga ambiri amaika bokosi m'mphepete penipeni mwa konkire, mwinanso kumunsi kwake, chifukwa ndi pomwe mapaipi amatulukira. Nthaka yozungulira imakhala itaundana gwa, singamwe kanthu. Dzenje lokhalo lofunda pamalo ponsepo ndi bokosi lanu. Onjezanipo paipi yotsitsa madzi a padenga ngati ikulavulira chapafupi, basi zatha.

Madzi amenewa si oyera. Matayala a galimoto amabweretsa mchere wa mumsewu, ndipo mcherewo umadya bulasi, umabowola timabowo ngakhale pachitsulo chija amati sichichita dzimbiri, umaumitsa mavalavu moti tsiku lofuna kutseka mzere chogwirira chimathyokera m'manja. Akaundana amafutukuka, nakankha timagalasi tija mpaka kuting'amba. Glycol amateteza mkati mwa paipi mokha, kunja alibe nako ntchito.

M'nyengo yachisanu chimene mungachite ndi kupopa madziwo, kutsuka manifold ndi madzi ofunda opanda mchere, kuipukuta, ndi kutchinga ndi matumba a mchenga kuti mtsinje wa pa konkire upatuke. Kukonza kwenikweni kumadikira nthaka isungunuke. Pamenepo kumbani pansi pa bokosi, muyale nsalu ija yosefa dothi, muthire miyala ya kwale yotsukidwa yokwana masentimita 30 kapena kuposerapo. Bokosi likhale lopanda matako, likhazikike pamiyalapo. Mlomo wake ukwere masentimita 5 mpaka 10 pamwamba pa nthaka, ndipo dothi lozungulira lipendekere kunja mbali zonse. Manifold yeniyeniyo ikwezedwe, pasakhale nati iliyonse yogona pamiyala.

Pa dothi la mchenga zimenezi zimakwana. Pa dothi la makande sizikwana, chifukwa dzenje la miyala m'makande limangosanduka chitsime. Pamafunika paipi ya ngalande yochoka pansi pa miyalayo, yotsetsereka bwino mpaka pamalo otsika pomwe malamulo a mzindawo amalola. Ngalande yosazama nayo imaundana, makamaka kukamwa kwake, choncho ipatseni kutsetsereka kokwanira kuti musamagone madzi, ndipo muziyang'ana kukamwako chipale chikagwa chambiri.

Kunena zoona, pamene pali khoma pafupi, ine ndimakonda kuichotseratu manifold m'dzenje. Kabati yachitsulo kapena ya pulasitiki yolimba yokhomeredwa pakhoma, pamwamba pa msinkhu womwe chipale chimafika, imathetsa nkhani ya kusefukira kotheratu. Eni nyumba ena amaikana chifukwa cha maonekedwe. Auzeni mtengo wa manifold yatsopano pamodzi ndi ganyu yokumba mu Febuluwale, aganizenso.

Simunalowe madzi, koma zonse ndi zonyowa

Apa anthu amasokonezeka. Pansi pali pouma, mvula sinalowe, koma mabawuti achita dzimbiri, mawaya abiriwira, ndipo kunsi kwa chivundikiro kwalendewera timinga ta madzi oundana.

Makina akayaka, mpweya wa m'bokosi umafunda n'kukoka chinyezi cha m'nthaka. Chinyezicho chikakwera chimakumana ndi chivundikiro chozizira, chimasanduka madontho, monga zimachitikira pa chivundikiro cha poto wa mpunga. Madonthowo amagwera pa manifold. Makina akazima zonse zimaundana, akayakanso zimasungunuka n'kudonthanso, chisanu chonse. Bokosi likamatidwa kwambiri, vutoli limakula, poti chinyezi chilibe kothawira.

Matani bolodi la thovu lolimba kunsi kwa chivundikiro kuti chisamazizire kwambiri mkati. Bowolani timabowo tiwiri tating'ono m'mbali, chakumwamba, toyang'ana pansi, mutseke ndi waya wa sefa. Mapaipi akuluakulu ochokera kuboyila muwaveke zofunda za labala wakuda uja wosamwa madzi, mipiringidzo ya manifold nayonso, koma timagalasi ndi zogwirira zikhale poyera. Ubweya wagalasi umene timaika m'makoma a nyumba musaubweretse kuno. Umamwa madzi, umasiya kufunditsa, umagwirira chinyezi pachitsulo, ndipo mbewa zimaukonda.

Njira yodziwira ngati bokosi likutaya kutentha ndi yapafupi. Pakagwa chipale, yang'anani pamwamba pake. Pakapangika kabwalo kakuda, kosungunuka, pamene kwina konse kuli mbuu, ndiye kuti gasi wa mwini nyumba akutenthetsa kapinga, ndipo madzi a pakabwaloko abwerera m'bokosi momwemo.

Za magetsi maganizo anga ndi olimba: m'dzenje musakhale chamagetsi chimene chingathe kukhala m'nyumba. Timamota totsegula mavalavu sitikhalitsa m'chinyezi. Ngati waya wa sensa ya chipale uyenera kudutsa pamenepo, mfundo zake zikhale m'kabokosi kakekake kosalowa madzi, ka mlingo wa NEMA 4X kapena IP66, kokhomeredwa pamwamba, waya ulowere kunsi utayamba wapindikira pansi kuti madontho azigwera panja. Ntchito imeneyi ndi ya wamagetsi wokhala ndi chiphaso.

Puresha ikutsika pang'onopang'ono

Mwini nyumba akamva kuti makina akutaya madzi, mtima umathamangira ku konkire, kuganiza zoswa njira yonse. Musafulumire. Paipi ya PEX yokwiriridwa bwino siibooka wambawamba. Malo ofooka ndi mfundo, ndipo mfundo zonse zili m'bokosi.

Gwadani ndi tochi. Glycol amatuluka pa kampata kamene madzi wamba sakanadutsa, ndipo sauma msanga. Pa nati yodontha mupeza kachikhambi koyera kapena kobiriwira kozungulira mazinga, konata mukakakhudza, fumbi litamatirira, ndipo pamwala wa pansi pake pamakhala kadontho kakuda. Pukutani nati zonse, mukulunge iliyonse ndi kapepala kopukutira m'manja, muyatse makina afunde, muwazimitse azizire. Mfundo zina zimadontha pozizira pokha, ndiye kaoneni mapepalawo m'mawa mwake. Nati yodontha ikungeni pang'ono, mutagwira manifold ndi sipanala yachiwiri. Ikapitiriza, musalimbane nayo. Tsekani mzerewo, mudule kansonga ka paipi mowongoka, muike mphete yatsopano.

Mapepala onse akakhala ouma koma geji ikutsikabe, tsekani mizere yonse mbali ziwiri zonse, muone ngati yaima. Ikaima, tsegulani umodziumodzi mpaka wolakwayo adziulule. Ikatsikabe mizere ili yotseka, vuto lili m'mapaipi akuluakulu kapena kuchipinda cha boyila, ndipo koyamba kuyang'ana ndi thanki yolandira kufutukuka kwa madzi pamodzi ndi valavu yotulutsa puresha ikachuluka.

Funso lofunika ndi lakuti n'chifukwa chiyani nati yomweyo imamasuka chaka chilichonse. Zifukwa zimakhala ziwiri. Choyamba, PEX imatalika ikafunda n'kufupika ikazizira, kuposa kopa maulendo angapo, ndipo m'bokosi lapanja imachoka pa madigiri 20 a Celsius pansi pa ziro kufika 45 kapena 50 pamwamba m'maola ochepa. Ikadulidwa mothina, kukoka konseko kumathera pa nati. Chachiwiri ndi nthaka. Dothi lonyowa likaundana limatupa n'kutukula chilichonse chili pamwamba pake. Ku Minnesota malamulo a zomangamanga amafuna maziko a nyumba azame masentimita 107 kum'mwera ndi 152 kumpoto pothawa zimenezi. Bokosi lanu silinazame choncho. Limakwera n'kutsika palokha, konkire naye pakepake, ndipo manifold ikakhomeredwa kukhoma la bokosi, mapaipi ndi amene amakokedwa pakati. Chizindikiro chake ndi chivundikiro chimene chinali chofanana ndi nthaka mu Okutobala koma chapendekeka mu Febuluwale.

Pokonza, manifold ikhale pa chitsulo chakechake chozikidwa mozama kapena chogwira ku maziko a nyumba, bokosi lingoiphimba osaigwira. Paipi iliyonse ipatsidwe mpata wopindika momasuka isanafike pa nati, ndipo pomwe ikutulukira mu konkire ivale chigoba cha pulasitiki kuti m'mphepete mwakuthwa musaicheke. Kuzungulira bokosi bwezerani miyala m'malo mwa makande amene munakumba, chifukwa miyala yosasunga madzi situpa.

Kudontha kwakung'ono kuli ndi mnzake woopsa. Makina ena analumikizidwa ku mpopi wa m'nyumba kudzera pa valavu yodzaza yokha. Puresha ikatsika, valavuyo imathiramo madzi wamba mwakachetechete, geji imaoneka bwinobwino, koma glycol akuchepa mphamvu mwezi ndi mwezi. Propylene glycol wa magawo 50 pa 100 amayamba kuundana cha pa madigiri 33 pansi pa ziro. Wa magawo 40, cha pa 21. Wa magawo 30, cha pa 13 basi, kumene ku Winnipeg ndi tsiku wamba. Tsiku lina mudzapeza phala m'mapaipi, pampu ikulephera kukankha, ndipo zikapitirira paipi imaphulikira mu konkire. Valavu yoteroyo itsekeni, m'malo mwake pakhale thanki yaing'ono ya glycol wosakaniza kale yokhala ndi pampu yake. Thankiyo ikamatsika, mudziwa msanga kuti penapake pakudontha.

Chaka chilichonse tapani pang'ono pa manifold mupime. Kachipangizo kopimira mphamvu ya glycol kotchedwa refractometer kamangofuna madontho awiri, koma onetsetsani kuti mukuwerenga mzere wa mtundu wa glycol amene ali m'makinamo. Pimaninso pH, muyezo wa asidi. Glycol akakalamba amasanduka asidi, amada, amanunkha ngati chopserera, ndipo pH ikatsika pansi pa 7 wayamba kudya zitsulo. Mulingo woyenera uli papepala la wopanga, ndipo muutsate ndithu ngati boyila ili ndi aluminiyamu. Zoletsa kuundana zothira m'galimoto musathire muno, mankhwala ake ndi ena ndipo amawononga pampu. Zolumikizira zokutidwa ndi zinki nazonso siziyanjana ndi glycol.

Konkire wasungunuka mizeremizere

Mbali ina yayera, ina chipale chili phee. Dikirani kaye, poti konkire wozizira amatenga maola kuti afunde, ndipo glycol wozizira amakhala wolemera, amayenda mwaulesi poyamba. Pakadutsa nthawi zinthu zili chomwecho, tsegulani bokosi muyang'ane timagalasi. Kamene kaima pa ziro ndiko mzere wakufa. Kagalasi kakada moti simukuona, gwirani mapaipi obwerera limodzilimodzi, kapena muwaloze ndi kopimira kutentha kapatali. Yozizira kuposa anzake ndi imeneyo.

Kawirikawiri ndi mpweya. Manifold ikakhala m'dzenje imakhala pansi kuposa konkire, ndiye mpweya umakakhala kumtunda, m'mizere, kutali ndi potulutsira. Tsekani mizere ina yonse, mukankhe glycol mwamphamvu mumzere umodziwo ndi pampu yodzazira, paipi yotulutsa ili m'ndowa, mpaka thovu lileke. Chitani chimodzimodzi ndi wotsatira. Zimene zagwera m'ndowa zibwerere m'makina, osazitaya m'ngalande. Kapotulutsira mpweya kodzichitira kokha kamamatidwa ndi glycol wouma, choncho kamasuleni mukatsuke kapena mukasinthe. Mpweya ukamabwerera mlungu ndi mlungu, bwererani kunkhani ya puresha ija, chifukwa makina otsika puresha amayamwa mpweya akamazizira.

Mizere yonse ikamayenda koma wina wautali ukutsalira, chepetsani pang'ono mavalavu a mizere yaifupi kuti wautaliwo upeze gawo lake, ndipo mulembe pomwe mwasiya valavu iliyonse.

Dzuwa ndi mbewa

PEX siigwirizana ndi dzuwa. Opanga amaloleza kuti ikhale poyera kwa nthawi yochepa yomangira basi, kenako imayamba kuuma n'kung'aluka. Chivundikiro chosweka chimene chakhala chilimwe chonse, kapena kachidutswa ka paipi koonekera pakati pa nthaka ndi kabati yapakhoma, n'zokwanira. Phimbani paliponse. Paipi imene yatuwa kale kapena yachita timing'alu idulidwe mpaka pabwino.

Mbewa imalowa pampata wa mamilimita 6, ndipo bokosi lofunda pakati pa chisanu imalipeza msanga. Imatafuna zofunda ndi mawaya, mkodzo wake umadyanso zitsulo. Yalani waya wa sefa wolimba pansi pa bokosi, pamwamba pa miyala, ndipo polowera mapaipi mutseke ndi waya womwewo. Thovu lopopera palokha imalidya.

Chivundikiro chakana, kapena bokosi lasowa

Bokosi labwino bwanji, ngati simungalipeze kapena kulitsegula usiku wa chipale, silikuthandizani. Woyendetsa galimoto yokankha chipale amaunjika mulu pomwe paoneka pabwalo, ndipo kangapo ndaona mulu wotero uli pamwamba penipeni pa manifold, chivundikiro chitaphwanyika pansi pake. Zikani ndodo ziwiri zazitali zonyezimira m'mbali mwake Okutobala asanathe, mumuonetse woyendetsayo pamaso. Ngati bokosi lili pomwe tayala lingaponde, mabokosi obiriwira aja a mipopi yothirira kapinga sangapirire. Pamafunika lolembedwa kuti limanyamula galimoto.

Chivundikiro chikamatirira ndi madzi oundana, musachitenthe ndi moto wa gasi, pansi pake pali pulasitiki. Musachithirenso madzi owira, chifukwa alowa mkati n'kukaundana pa manifold. Gogodani m'mphepete ndi hamala ya labala, kapena yatsani makina kwa kanthawi kuti kutentha kwa mkati kuchimasule. Kuti zisachitikenso, pakani girizi wa silikoni pamlomo ndi pa mabawuti chisanu chisanayambe, ndipo mabawutiwo akhale osachita dzimbiri.

Kukula kwa bokosi nakonso ndi nkhani. Liyeseni ndi dzanja lovala golovesi yachisanu litagwira sipanala. Ngati sipanalayo singazungulire pa nati yakumapeto, bokosilo ndi laling'ono, ndipo pamene mukukumba kale zoika miyala ndi ngalande, ndi nthawi yabwino yoikapo lokulirapo.

Musanatseke, mangani kachikwangwani ka pulasitiki pa mzere uliwonse kosonyeza mbali ya konkire imene umapita. Kunsi kwa chivundikiro matani pepala lokutidwa bwino lokhala ndi mapu a mizere, mtundu wa glycol, mlingo wake, puresha ndi tsiku limene mwapima. Jambulani manifold ndi foni, chithunzi china mukachipachike kuchipinda cha boyila. Zonsezi, pamodzi ndi kuyatsa makina kwa ola limodzi kuti muone ngati mizere yonse ikufunda, zichitike mu Seputembala kapena koyambirira kwa Okutobala, nthaka ikadali yofewa ndipo mapulambala asanayambe kusowa. Valavu yotulutsa puresha ya pa boyila ikamalavula, imene m'nyumba zambiri imatseguka pa 30 psi, kapena boyila ikamazima yokha glycol wozizira akangobwerera, vutolo lachoka m'bokosi. Zimitsani makina, thirani mchenga pakhomo kuti anthu asagwe, muitane katswiri wa boyila wokhala ndi chiphaso cha gasi.